Yunivesite, amalonda ndi anthu a m'mudzi akagwirira ntchito limodzi: mafunso ndi mayankho

Ambiri timaidziwa yunivesite ngati malo otumizako mwana kuti akatenge digiri, ife n'kudzapitako kamodzi kokha, tsiku lovala mikanjo. Koma kuseri kwa makalasi kumachitika ntchito ina yotchedwa kafukufuku, ndipo ina mwa ntchitoyo inafika kale m'zipatala, m'minda ndi m'mafakitale athu. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Kodi mgwirizano wa kafukufuku n'chiyani kwenikweni?

Ndi pamene yunivesite yagwirizana ndi anthu a kunja kwa mpanda wake kuti afufuze limodzi yankho la vuto linalake. Anthuwo akhoza kukhala kampani, chipatala, kalabu ya alimi, khonsolo kapena mudzi. Aliyense amabwera ndi chimene mnzake alibe. Yunivesite ili ndi labotale, akatswiri odziwa kuyeza zinthu mosakondera, ndi ophunzira amene ali ndi nthawi. Kampani imadziwa kupanga chinthu chimodzimodzi kambirimbiri, kuchiikira mtengo ndi kuchifikitsa kwa wogula. Namwino, mlimi kapena mmisiri ndiye amadziwa pamene pakupweteka, chifukwa vutolo amagona nalo n'kudzuka nalo.

Mwa atatuwa, amene amaiwalika msanga ndi wachitatuyu. Ndipo ntchito zambiri zimene zinafera m'mashelefu zinafa chifukwa funso linachokera mu ofesi, osati kwa iye.

Pali chitsanzo chogwirika, choti munthu n'kuchiona ndi maso?

Chilipo, ndipo dzina lake ndi la Chichewa: Pumani.

Mwana akabadwa masiku asanakwane, mapapo ake amakhala asanakhwime. Timatumba ta mpweya ta m'mapapomo timafwafwala akangopumira kunja, ndiye kupuma kulikonse kumakhala ngati kuuzira baluni yatsopano. Mwanayo amatopa, chifuwa chikulowa m'kati, mpaka mphamvu kutha. M'mayiko olemera ana otere amawaika pa makina a CPAP, amene amakankhira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti timatumbato tisatsekeke. Vuto linali mtengo: makina amodzi ankafika madola pafupifupi 6,000, ndipo akawonongeka zipangizo zake sizinkapezeka kuno.

Aphunzitsi awiri a uinjiniya pa Rice University ku Houston, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anagwirizana ndi madokotala a ana a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a College of Medicine, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza. Madokotala ananena chimene akusowa, ophunzira a ku Rice anapatsidwa ngati ntchito ya m'kalasi. Makina oyamba amene anapanga anali oseketsa powaona: bokosi la pulasitiki losungiramo nsapato, m'kati mwake muli timapampu tiwiri touzira mpweya m'magalasi owetera nsomba. Mpweya umadutsa m'kapaipi kupita kumphuno za mwana, ndipo kapaipi kena kamathera m'botolo la madzi. Kuzama kwa madziwo ndi kumene kumalamula mphamvu ya mpweya. Namwino akaona madzi akubwatabwata amadziwa kuti makina akugwira. Akasiya, pali penapake pamene mpweya ukuthawira. Palibe chofuna kompyuta.

Makinawa anayesedwa ku Chatinkha, wodi ya ana obadwa kumene pa Queens, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014. Mwa ana 62 amene anaikidwa pa Pumani, 44 anapulumuka, kutanthauza 71 pa 100 alionse. Mwa ana 25 amene analandira okosijeni yekha monga mwa kale, anapulumuka 11, ndiye 44 pa 100. Zitatero unduna wa zaumoyo unayamba kuwafalitsa m'zipatala zikuluzikulu ndi za m'maboma.

Onani mmene ntchito inagawikira. Ophunzira a ku Houston sakanadziwa okha kuti magetsi amathimathima, kuti namwino mmodzi amayang'anira ana ambiri usiku, kapena kuti timachubu ta pamphuno timayenera kumangiriridwa ku kachipewa kuti tisasunthe. Nawonso a ku Chatinkha analibe malo opangira ndi kuyeserapo makina. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pometa ndi eni mutu amene amaloza.

Ndiye kuti vuto la ana osakwana masiku linatha?

Ayi, ndipo apa ndi pamene kafukufuku amasiyana ndi malonda wamba. Wogulitsa akagulitsa amapita. Ofufuza anapitiriza kuwerengera zotsatira makinawa atafika m'maboma, ndipo anapeza kuti phindu lilipo koma silikufika pa la ku Queens. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuzizira. Mwana amene wafika mu wodi thupi litazizira sathandizika mokwanira ngakhale aikidwe pa makina abwino. Kupuma kokha sikokwanira. Pamafunika chofunditsa, nyale yochizira chikasu, choyezera shuga, magetsi osathima, komanso munthu wodziwa kukonza zonsezi zikafa. Maganizo amenewa ndiwo anabala NEST360, mgwirizano umene unayamba mu 2019 m'zipatala za ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, wopereka zipangizo zonsezo pamodzi ndi maphunziro a anamwino ndi amisiri.

Pali phunziro linanso lowawa. Kafukufuku wina amene anachitikira ku Salima, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019, anayesa makina a mtundu wa CPAP pa ana okulirapo odwala chibayo choopsa, mu wodi imene dokotala sankakhalamo tsiku ndi tsiku. Ana 644 analowa m'kafukufukuyo. Mwa amene anaikidwa pa makinawo anamwalira 17 pa 100, pamene mwa olandira okosijeni wamba anamwalira 11 pa 100, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane. Chinthu chothandiza ana a mtundu wina pamalo ena chikhoza kuvulaza ena pamalo ena. Pakanapanda owerengera, tikanangomva kuti makinawa ndi abwino n'kuwamwaza paliponse.

Nanga kampani imalowa pati?

Imalowa pamene yunivesite yathera nzeru. Pulofesa akhoza kupanga makina amodzi, khumi mwina, koma sangapange mazana ofanana, kupeza ziphaso za mabungwe oona za chitetezo, kusunga zipangizo zosinthira ndi kuyankha foni ya chipatala chimene makina afa Loweruka. Pumani anatengedwa ndi kampani ya ku California yotchedwa 3rd Stone Design, imene inawakonzanso kuti akhale olimba ndi oyenera kugulitsidwa, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi aja a madola 6,000. Lero amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Ine pamenepa mtima umandigawika. Funso linachokera ku Blantyre, umboni unapezeka ku Blantyre, dzina n'lathu, koma fakitale si ya kuno. Ana anapulumuka, ndipo chimenecho n'chachikulu kuposa china chilichonse. Komabe tikamakamba za kutukula malonda, tizivomereza kuti pa ulendo umenewu ntchito zopanga zinapita kwina.

Pali pamene ntchito yopanga inatsalira kuno?

Chiponde. Phala la mtedza limene ana onyentchera amalandira ku chipatala lija.

Nzeru yake yoyamba inachokera ku France, kwa André Briend ndi kampani ya Nutriset, m'zaka za m'ma 1990. Koma umboni wakuti mwana wonyentchera akhoza kuchira ali pakhomo, osagonekedwa, wambiri unapezeka ku Malawi kuyambira 2001, pa ntchito ya Mark Manary wa ku Washington University ku St. Louis pamodzi ndi College of Medicine. Kale mayi ankakhala milungu ku chipatala ndi mwana mmodzi, munda n'kumera tchire, ana ena n'kutsala opanda wowaphikira, wodwalayo n'kutengeranso matenda ena mu wodi. Chiponde chinasintha zimenezo chifukwa cha mmene chinapangidwira: mtedza wosinja, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, popanda madzi. Popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswana, sichifuna fuliji, sichifuna kuphika. Mayi amangong'amba pakona, mwana n'kumayamwa yekha. Mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza njira yochizira ana kumudzi imeneyi kuti igwiritsidwe ntchito padziko lonse.

Kusiyana kwake ndi Pumani n'kwakuti zambiri zopangira chiponde zimalimidwa konkuno. Project Peanut Butter inatsegula fakitale ku Blantyre, Valid Nutrition inatsegula ina ku Lilongwe. Fakitale ikamagula mtedza imafuna wopanda chuku, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Choncho kafukufuku wa m'chipatala anafika mpaka pa mkeka woyanikira mtedza: osanyowetsa makoko pofuna kuti aswe msanga, osayanika padothi, osasunga wosauma. Chovuta chimene chatsala ndi mkaka wa ufa, umene umachokera kunja ndipo ndiwo umakweza mtengo. N'chifukwa chake ofufuza akhala akuyesa chiponde cha soya, chimanga ndi mapira.

Ine ndine mlimi. Zimenezi si za m'tauni zokha?

Ayi. Njira ina imene ofufuza zaulimi amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri inayambira m'minda ya kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi Sieglinde Snapp, amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku Michigan State University. Imatchedwa munda wa mayi ndi ana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi waukulu woyeserapo njira zonse, ofufuza akuyeza ndi sikelo. Ndiye alimi ambiri amatenga njira ziwiri kapena zitatu kukayesa m'minda yawo, pa dothi lawo, ndi manja awo. Pokolola onse amakhala pansi n'kufananitsa.

Chimene chinatulukapo chinawaphunzitsa ofufuzawo kudzichepetsa. Pa pepala, mbewu zobwezera chonde monga kalongonda zinkaoneka zopambana. Alimi ambiri anasankha nandolo ndi mtedza, zobzalidwa pamodzi, chifukwa zimabwezera chonde koma zimadyedwanso ndi kugulitsidwa. Munthu wa ekala imodzi sangapereke mizere yake ku mbewu yosalowa mu mphika. Alimi ndiwonso ananena za mbuzi: nandolo amachedwa kucha, ndipo anthu akakolola chimanga amamasula ziweto. Vuto limenelo labotale silingalithetse; limafuna mfumu ndi msonkhano wa pabwalo.

Ku Ekwendeni, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000 pakati pa chipatala cha mishoni, alimi ndi Rachel Bezner Kerr, amene tsopano ali ku Cornell University. Kumeneko anaona kuti kukolola nyemba zambiri sikutanthauza kuti mwana adya. Zimatengera amene amalamula zogulitsa pakhomo, ndiponso mawu a agogo pa kadyetsedwe ka mwana. Anayamba kuchita masiku ophikira pamodzi, abambo ndi agogo ali pomwepo.

Ndili ndi kabizinesi kakang'ono. Ndingayambire pati?

Yambani ndi vuto limodzi lomveka, lokhala ndi manambala. Musapite kukanena kuti mukufuna thandizo lotukula bizinesi. Palibe angadziwe pogwira. Nenani kuti: juwisi wanga wa malambe amasasa pakatha masiku anayi, ndikufuna azifika milungu itatu. Kapena: chigayo changa cha mtedza chimatentha chikagaya makilogalamu 50. Funso lotere mphunzitsi amaliona ngati mutu wa kafukufuku wa wophunzira wa chaka chomaliza, ndipo chaka chilichonse aphunzitsi amasowa mitu yeniyeni yopatsa ana awo.

Kenaka gogodani pa khomo loyenera. Za mbewu, ziweto, nsomba ndi kakonzedwe ka zakudya pitani ku LUANAR, ku Bunda. Za makina, magetsi ndi zomangamanga, MUBAS ku Blantyre, ija tinkaitcha Poly isanaime payokha mu 2021, kapena MUST ku Thyolo. Za mankhwala ndi umoyo, KUHeS, momwe munalowa College of Medicine ija. Za kemisitili, malamulo ndi chikhalidwe cha anthu, UNIMA ku Zomba. Za madzi, nkhalango ndi mphamvu ya dzuwa, Mzuni. Ku Mzuzu komweko SMART Centre yakhala ikuphunzitsa amisiri kukumba zitsime ndi manja ndi kupanga mapampu a chingwe, amisiriwo n'kukatsegula mabizinesi awoawo.

Kalata yopita kwa mkulu wa yunivesite imachedwa kutsika. Funsani mkulu wa dipatimenti, ndipo tengani chinthucho m'manja: botolo la juwisi wosasayo, chitsulo chothyokacho.

Zimalipiritsa?

Zimatengera. Kuyezetsa mu labotale kumalipiritsa, chifukwa mankhwala oyezera amagulidwa ndi ndalama zakunja. Wophunzira wochita kafukufuku pa bizinesi yanu salipidwa ngati katswiri, koma mumuganizire thiransipoti ndi zipangizo. Ntchito zikuluzikulu zimadalira thandizo la mabungwe, ndipo zambiri mwa ndalamazo zimachokera kunja. Mayiko a mu African Union analonjezana zoika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ndi ochepa amene anayandikirako.

Kumbukiraninso kuti lipoti la ku yunivesite si chiphaso. Chakudya kapena katundu wopita m'mashopu amafunabe chidindo cha Malawi Bureau of Standards.

Tikapanga chinthu chatsopano limodzi, mwini wake ndani?

Funso ili lifunsidwe tsiku loyamba, anthu akadasekererana, osati ndalama zitayamba kununkhira. Lembani pa pepala: chimene aliyense wabwera nacho, mwini wa zotsatira, amene adzaloledwe kupanga ndi kugulitsa, ndi gawo la phindu lopita kwa aliyense.

Pali msampha umodzi umene amalonda ambiri saudziwa. Mphunzitsi wa ku yunivesite amakwezedwa pa ntchito chifukwa chofalitsa zimene wapeza. Inu mumapindula chifukwa chosunga chinsinsi. Ndipo lamulo la patenti, chiphaso choletsa ena kukopera chimene mwatulukira, limafuna kuti chinthu chikhale chisanaululidwe. Chikangosindikizidwa kapena kuonetsedwa pa msonkhano, mwayi wochiteteza ukhoza kutayika. Ndiye gwirizanani kuti pempho la patenti lipite kaye, zolemba zituluke pambuyo. Kuno zimalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, kapena kudzera ku bungwe la ARIPO ku Harare ngati mukufuna chitetezo m'mayiko angapo a mu Africa. Ku America nkhani ya umwiniyi anaikonza ndi lamulo la Bayh-Dole la 1980, lolola mayunivesite kukhala eni a zimene apeza ndi ndalama za boma n'kubwereketsa kwa makampani. N'chifukwa chake mayunivesite a kumeneko amabwera pa zokambirana ali ndi maloya okonzeka. Inunso musasaine chimene simunachimve.

Kodi ofufuzawa samangotigwiritsa ntchito n'kupita?

Ena amatero, tisanamizane. Midzi yambiri ikudziwa galimoto yoyera imene imafika ndi mafomu, n'kufunsa kuti mumadya kangati, muli ndi nkhuku zingati, chimbudzi chili kuti, anthu n'kulandira botolo la chakumwa ndi banzi, basi osadzaonekanso. Chaka chamawa kubwera ena ndi mafunso omwewo. Anthu akatopa n'kuyamba kuyankha zongowasangalatsa alendowo, ndipo kafukufuku wotero ndi bodza lovala tayi. Kusafotokoza bwino kumaberekanso mphekesera. Amene akukumbukira za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 akudziwa mmene mantha a magazi amayakira msanga.

Muli ndi ufulu. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC, pansi pa ulamuliro wa National Commission for Science and Technology. Pemphani kuona kalata yake. Chilolezo cha mfumu chimatsegula mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chanu. Mukhoza kukana, ndipo mukhoza kusiya pakati popanda kulandidwa thandizo la ku chipatala. Mafumu ndi makomiti a chitukuko azifunsa funso limodzi asanalole: zotsatira mudzatiuza liti, kuti, ndipo m'chilankhulo chanji?

N'chifukwa chiyani zimatenga nthawi yaitali chonchi?

Chifukwa umboni sufulumira. Tengani katemera wa taifodi. Kuyesa kunayamba mu 2018 ku Ndirande ndi Zingwangwa, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12, mogwirizana pakati pa Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, Blantyre Malaria Project ndi University of Maryland, katemerayo ali wa kampani ya ku India ya Bharat Biotech. Kuti adziwe ngati akuteteza, anayenera kudikira n'kumawerenga ana amene akudwala pa magulu awiri, la olandira katemerayo ndi la osamulandira. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa chitetezo cha pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu May 2023 boma linayamba kupereka katemera wa taifodi m'dziko lonse. Zaka zisanu, ndipo pa nkhani za katemera kumeneko n'kuthamanga.

Wabizinesi amawerenga masiku, yunivesite imawerenga masemesita. Ngati vuto lanu likufuna yankho mwezi uno, lembani katswiri ganyu. Mgwirizano wa kafukufuku ndi wa mafunso amene palibe akudziwa yankho lake.

Nanga ophunzira athu amapindulapo chiyani?

Mu 2016 ku Poly kunatsegulidwa chipinda chopangiramo zinthu, mothandizana ndi Rice ndi Lemelson Foundation, ndipo china chinatsegulidwa ku MUST. Mmenemo wophunzira wa uinjiniya amene kale ankangojambula pa pepala amagwira chowotcherera, makina odula ndi kuwala kwa leza ndi osindikiza zinthu za pulasitiki. Mu January 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa madroni, mogwirizana pakati pa UNICEF, Virginia Tech ndi MUST, potsatira malo oyeserapo madroni amene anatsegulidwa ku Kasungu mu 2017.

Koma ntchito imene ine ndimaiwerengera kwambiri si yowala choncho. Pafupifupi chipatala chilichonse chili ndi kachipinda kodzaza makina akufa, ambiri a mphatso, opangidwira mayiko opanda fumbi ndiponso a magetsi okhazikika. Ena mwa iwo ndi makina opanga okosijeni. Amafa chifukwa sefa yatsekeka ndi fumbi, chinyezi chalowa m'machubu osefera mpweya, kapena magetsi abwera mwamphamvu n'kuwotcha bolodi. Wophunzira amene wakhala milungu ingapo mu wekishopu ya chipatala, akutsegula makina otere pambali pa mmisiri wa pomwepo, amabwerera ku kalasi ndi mndandanda wa zinthu zofunika kupanga: sefa yochapika, chotetezera magetsi chotsika mtengo, kachipangizo kochenjeza namwino okosijeni akayamba kuchepa mphamvu. Pa mndandandawo pali mitu ya kafukufuku ya zaka zingapo, ndipo zina mwa izo mmisiri wa ku Ndirande akhoza kuzipanga n'kumagulitsa.